Pomona, Mbare Musika kapena Siyaso: kusankha mutu wa kafukufuku wa zinyalala mu Harare

Ana a mabanja athu achimalawi a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa akafika chaka chomaliza ku University of Zimbabwe kapena ku Harare Institute of Technology amauzidwa kuti abweretse mutu wa kafukufuku. Masiku ano ambiri akuthamangira nkhani ya zinyalala ndi kagwiritsidwe ntchito ka zinthu mosasakaza. Sindikuwadabwa. Mwa zolinga 17 za chitukuko zimene mayiko a mu United Nations anagwirizana mu 2015, cha nambala 12 chimakamba zomwezi, ndipo mabungwe opereka ndalama amatchera khutu akangomva mawu akuti circular economy, kutanthauza chuma chozungulira. Nalo boma, kudzera mu ndondomeko ya Education 5.0, likufuna kuti kafukufuku asamangothera pashelefu koma azitulutsa chinthu chogwirika.

Ganizo lake ndi losavuta. Chinthu chikachoka m'nthaka kapena m'fakitale chisayende ulendo umodzi wopita kumtaya, koma chikonzedwe, chigwirenso ntchito ina, chisungunulidwe, kapena chiwole n'kubwerera m'munda. Lipoti la Circularity Gap la 2023 linati mwa zinthu zonse zimene dziko lapansi limagwiritsa ntchito, 7.2 peresenti yokha ndi imene imakhala yobwerera chonchi. Koma wophunzira wa ku Harare alibe zaka khumi kapena ndalama za ku Ulaya. Ali ndi miyezi yowerengeka, madola ochepa amene amalume atumiza kuchokera ku Johannesburg, ndi magetsi ozimazima. Akafuna kugwira pulasitiki, madzi, zovala ndi mabatire nthawi imodzi, ndiye ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Muyeso wanga ndi uwu: mutu wabwino ndi umene mungauike pasikelo ndi manja anu, pamalo amene mungafikeko sabata iliyonse popanda kupempha chilolezo kwa munthu amene sayankha makalata. Tiyeni tiyese mitu imene imatchulidwa kawirikawiri ndi muyeso umenewu.

Mafunso a papepala

Njira yotchipa kuposa zonse ndi yosindikiza mafunso n'kuyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu maganizo awo pa zinyalala. Safuna labotale, ndipo mphunzitsi woyang'anira kafukufuku savuta kuvomereza. Vuto lake n'lakuti munthu ukamufunsa ngati amasamala za chilengedwe amayankha kuti eya, ngakhale kuseri kwa nyumba kukufuka utsi wa matewera ndi majumbo. Sakunama mwadala. Galimoto yotenga zinyalala ikapanda kubwera, munthu atani? Zimene mudzalembe ndi ulemu wa anthu kwa mlendo, osati zochita zawo. Ngati dipatimenti yanu ndi ya zachikhalidwe kapena zamalonda ndipo simungachitire mwina, onjezerani sikelo: pemphani mabanja angapo akusungireni zinyalala za sabata imodzi m'matumba awiri, zowola pazokha ndi zosawola pazokha, muziyeze. Mukatero ndiye kuti mayankho a pakamwa ali ndi mboni.

Pomona

Aliyense amayamba waganiza za mtaya waukulu wa Pomona, kumpoto kwa mzinda. Unatchuka ndi moto umene unkabuka n'kufuka masiku ambiri, monga mu 2016 ndi mu 2020, ndipo kuyambira 2022 ukuyendetsedwa ndi kampani ya Geo Pomona Waste Management pa mgwirizano wa zaka 30, umene cholinga chake china n'kupanga magetsi kuchokera ku zinyalala. Mgwirizanowu unautsa mkangano waukulu pakati pa khonsolo ndi boma, makamaka pa madola 40 amene ananenedwa kuti azilipiridwa pa tani iliyonse.

Kwa wophunzira zamalamulo kapena za kayendetsedwe ka mizinda, nkhani ili apa ndi yonona, ndipo zambiri zili m'nyuzipepala ndi m'zokambirana za khonsolo. Kwa wofuna kuyeza zinthu, ndikanati aganize kawiri. Malo ali ndi mpanda ndi mwini wake, choncho kafukufuku wanu yense wakhala pa siginecha imodzi. Palinso funso limene ophunzira ambiri saliona: ng'anjo yopangira magetsi imafuna zinyalala zouma zoyaka bwino, monga mapepala ndi pulasitiki, zomwezo zimene otola zinyalala amadyerapo. Zinyalala za m'makomo mwathu zambiri ndi zonyowa. Kutentha zinyalala ndi kuzibwezera m'ntchito ndi njira ziwiri zimene zimalimbirana chakudya chimodzi.

Pulasitiki

Apa zolemba zilipo zambiri, choncho gawo la buku lanu lofotokoza zimene ena analemba kale silidzakuvutani. Zimbabwe inaletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 30 (muyeso wa kukhuthala kwake) kudzera mu Statutory Instrument 98 ya 2010, ndipo mu 2017 bungwe la Environmental Management Agency linayamba kukhwimitsa chiletso cha timabokosi ta kaylite toikamo chakudya. Kwathu ku Malawi malire anaikidwa pa ma micron 60 mu 2015, makampani anathamangira kukhothi, ndipo khothi lalikulu la apilo linagamula mokomera chiletsocho mu 2019. Wophunzira wodziwa mayiko onse awiri angathe kuyerekeza malamulo awiriwa ndi mmene akutsatiridwira pamsika, ndipo imeneyo ndi ntchito imene mnzake wongodziwa Harare sangaigwire bwino.

Koma mutu wa pulasitiki ndi wodzaza anthu. Kuti wanu uoneke, tsatirani ndalama. Botolo la pulasitiki la zakumwa, lija la PET, ndi lopepuka kwambiri moti pamafunika mabotolo makumi angapo kuti ikwane kilogalamu imodzi, n'chifukwa chake mumaona mayi atasenza thumba lalikulu kuposa iye mwini koma ndalama yake yosakwana ndiwo. Mabotolo oyera amagulidwa bwino kuposa achikuda. Funsani kuti kilogalamu imeneyo imagulidwa zingati kwa wotola, zingati kwa wapakati amene ali ndi sikelo ndi yadi, ndipo zingati ikafika kwa oigaya monga Petrecozim, kampani imene opanga zakumwa anakhazikitsa. Pambali pake ikani botolo lagalasi lobweza, lija agogo ankatituma kugolosale titanyamula lopanda kanthu. Limenelo ndiye chuma chozungulira chenicheni, ndipo chinalipo mawuwo asanabwere. Chovuta n'chakuti chiwerengero cha maulendo amene botolo limodzi limayenda chili m'mabuku a kampani, ndipo mukhoza kudikira nthawi yaitali.

Zimene ndingakuletseni ndi njerwa zapulasitiki zopangira chionetsero. Zimaoneka bwino pa tsiku la alendo, koma ngati simunayeze kulimba kwake, utsi umene umatuluka posungunula, ndi mtengo wake poyerekeza ndi njerwa wamba, mwangopanga chidole.

Mbare Musika: zowola

Ndikanakhala kuti ndikusankhira mwana wanga, ndikanamulozera kuno. Lipoti la World Bank la 2018 linasonyeza kuti m'mayiko osauka zinyalala zopitirira theka ndi zakudya ndi zomera. Pitani ku Mbare Musika m'mawa magalimoto a alimi a ku Mutoko, Murewa ndi Domboshava atatsitsa katundu, mubwererenso madzulo. Mudzapeza milu ya tomato wophwanyika, masamba akunja a kabichi, repu wofota, mapeyala ndi nthochi zakupsa kwambiri. Zonsezi zili pamalo amodzi, zimabwera tsiku lililonse, ndipo palibe amene akuzilimbirana ngati mmene amalimbiranira zitini. Moto wa mu October 2024 utawononga msika, malo ogulitsira anamangidwanso mwatsopano, choncho ngakhale funso lakuti zinyalala zikuyenda bwanji m'malo atsopanowa ndi latsopano.

Pali njira zitatu zimene zowola zingabwerere nazo m'ntchito, ndipo sizifanana ndi pang'ono pomwe.

Kompositi ndiye wotchipa. Mukufunika malo, fosholo, madzi ndi choyezera kutentha. Zinyalala za pamsika zokha zili ndi madzi ochuluka ndipo zimanunkha m'malo mowola bwino, choncho muyenera kusakaniza ndi zouma monga mapesi, udzu kapena utuchi, kuti pakhale pafupifupi magawo 25 mpaka 30 a carbon, wochuluka mu zouma, pa gawo limodzi la nitrogen. Utuchi uli mbwee kwa akalipentala a ku Glen View Area 8, bola mupewe wa matabwa opaka mankhwala. Taonani, mwalumikiza kale zinyalala za misika iwiri. Mulu ukatentha kupitirira madigiri 55 kwa masiku angapo tizilombo toyambitsa matenda timafa, ndipo mumzinda umene unaona kolera wa 2008 ndi wa 2018 ku Glen View ndi Budiriro, mfundo imeneyi si yongolemba kuti buku linenepe. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa. Kenako muyese pamunda: mzere wa kompositi, mzere wa feteleza wa Compound D, mzere wosakaniza, ndi mzere wopanda kanthu. Amene muli ndi abale kumudzi mukudziwa manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kuzisunga m'thumba masabata atatu. Kuyesa ngati zowola za ku Mbare zingalowe m'malo mwa ndowe m'kasakanizidwe kameneko ndi mutu wathunthu, ndipo ogula alipo kale, chifukwa malo ambiri opanda nyumba mu Harare amalimidwa chimanga, ndipo ulimi wa m'mayenje wa Pfumvudza umafuna manyowa ndi zophimbira nthaka.

Biogas, gasi wotuluka zowola zikatsekeredwa m'thanki, ndi wokopa kwambiri chifukwa aliyense watopa ndi kuzima kwa magetsi ndi mtengo wa gasi. Koma ndi wosachedwa kukwiya. Zipatso ndi masamba zimasasa msanga m'thanki, ndipo asidi akachuluka tizilombo totulutsa methane, gasi woyakayo, timaleka kugwira ntchito. Pamafunika ndowe ya ng'ombe yoyambira, kudyetsa pang'onopang'ono, ndi kuyeza pH, muyeso wa asidi, pafupipafupi. Chinanso, Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo kuzizira kwa June ndi July kumachepetsa gasi kwambiri. Wophunzira amene wayesa thanki yake mu October mokha n'kulemba kuti zotsatira ndi za chaka chonse wanamiza owerenga. Mutuwu ndi woyenera a uinjiniya amene ali ndi malo ogwirira ntchito pasukulu, monga ku Harare Institute of Technology ku Belvedere.

Njira yachitatu ndi mphutsi za ntchentche yakuda ija yotchedwa black soldier fly. Anthu amayamba anyansidwa, koma ntchentche imeneyi si ya kuchimbudzi ija, ndipo ikakula sitera pa chakudya cha anthu. Mphutsi zake zimadya zowola mwaliwiro, kukatentha zimakhwima m'masabata awiri okha, ndipo zikaumitsidwa pafupifupi 40 peresenti yake ndi puloteni. Aliyense woweta nkhuku kuseri kwa nyumba ku Mufakose akudziwa kuti chakudya ndicho chimadya phindu, makamaka soya. Chinhoyi University of Technology yagwirapo ntchito pa mphutsi zimenezi ndi alimi, choncho muli ndi poyambira ndi anthu ofunsa. Ubwino wake pa kafukufuku n'kufulumira: m'miyezi itatu mukhoza kubwereza kuyesa kangapo, ndipo nkhuku za nyama zimakula m'masabata asanu ndi limodzi, ndiye mukhoza kuona ngati zodya mphutsi zikulemera mofanana ndi zinzake. Kuipa kwake n'kofanana ndi biogas, kuzizira, kuphatikizapo makoswe ndi nyerere. Muyeneranso kupeza labotale yoyeza zakudya zimene zili m'mphutsizo, apo ayi mudzangonena kuti nkhuku zinanenepa osadziwa chifukwa.

Mwa zitatuzi, wa digiri yoyamba atenge kompositi kapena mphutsi. Biogas asiyire wa masitazi amene ali ndi chaka chathunthu chodutsa nyengo yozizira ndi yotentha.

Siyaso, Gazaland ndi okonza mafoni

Mutu umene umanyozedwa koma ndi wolemera ndi wa anthu okonza zinthu. M'mabuku a ku Ulaya akulimbikitsa anthu kuti aphunzirenso kukonza m'malo motaya. Ife sitinaiwale. Ku Siyaso ku Magaba, mgolo wakale umasanduka mbaula, chitsulo cha galimoto yakufa chimasanduka khasu, ngolo yokankha kapena felemu ya zenera, ndipo aluminiyamu wosweka amasungunulidwa n'kukhala mphika. Ku Gazaland ku Highfield galimoto imodzi yakufa imadzutsa zinzake zitatu. Ku Gulf Complex m'tauni, foni yosweka imapereka sikirini, batire ndi sipika kwa mafoni ena.

Zonsezi zimachitika osalembedwa, choncho amene amapanga ndondomeko amakamba ngati kuti chuma chozungulira chikuyembekezeka kubwera ndi ndege. Wophunzira amene angakhale ndi owotcherera angapo, n'kulemba kuti chitsulo chawo chimachokera kuti, amachigula zingati, ndi makilogalamu angati amasanduka katundu ndipo angati amagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, wabweretsa chinthu chimene khonsolo ilibe. Ndalama zake ndi za kombi, kope, ndi sikelo yolendewera.

Pali funso lina lolimba limene limafuna labotale. Kafukufuku wa m'mayiko ena a mu Africa anapeza kuti miphika ina yopangidwa ndi aluminiyamu wa zidutswa za magalimoto imatulutsa mtovu m'chakudya. Kuyesa miphika ya kuno ndi ntchito yothandiza amayi onse, koma muyende nayo mwaulemu. Anthu amenewa akudyetsa mabanja, ndipo mukawafikira ngati wapolisi zitseko zonse zitsekeka. Cholinga chikhale kupeza kuti ndi zidutswa ziti zoyenera kupewa posungunula, osati kutseketsa ntchito.

Kuvuta kwa mutuwu n'kukhulupirirana. Munthu sakuuza mtengo wake weniweni tsiku loyamba. Apa mwana wa kwathu ali ndi mwayi, chifukwa Mbare ndi malo amene agogo athu ochokera ku Nyasaland anafikira kalekale, ndipo mukapeza mkulu wolankhula Chichewa n'kumulonjera bwino, kuti agogo mwaswera bwanji, ndine mdzukulu wa akuti, nkhani imayamba kuyenda. Ena onse mudzalankhula nawo Chishona, ndipo mafunso anu akhale okonzeka m'zilankhulo zonse ziwiri.

Zinyalala zamagetsi zili pafupi ndi mutuwu koma n'zolemera kuposa mmene zimaonekera. Lipoti la Global E-waste Monitor linati mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo 22.3 peresenti yokha ndi imene inatoledwa n'kukonzedwa mwa dongosolo. Kuchotsa golide ndi mkuwa m'makompyuta kumafuna asidi ndi zipangizo zodzitetezera, si zoyesera m'galaja. Chimene wophunzira angathe n'kutsatira mabatire. Kuzima kwa magetsi kwadzaza makomo ndi sola. Mabatire akale a mtovu ali ndi msika, amagulidwa n'kukasungunulidwa. Nanga a lithium amene akulowa kwambiri tsopano, akadzatha adzapita kuti? Funsoli n'lochititsa chidwi m'dziko limene likukumba lithium ku Bikita ndi ku Goromonzi, pafupi pomwepa.

Madzi a suweji ndi Chivero

Harare inakhala kumtunda kwa madzi amene imamwa. Zotuluka kumalo oyeretsera suweji a ku Firle zimatsikira mumtsinje wa Mukuvisi, za ku Crowborough mumtsinje wa Marimba, zonse n'kukathera mu Lake Chivero, kumene madzi amapopedwanso kupita kumalo oyeretsera madzi akumwa a Morton Jaffray n'kubwerera m'mipope. Kuzungulira kulipo, koma ndi kwa mtundu wolakwika: nitrogen ndi phosphorous zimene zikanadyetsa mbewu zikudyetsa namasupuni ndi ndere. Mu December 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'nyanjayi, ndipo bungwe loona za nyama zakutchire la ZimParks linaimitsa usodzi.

Mafamu a khonsolo akhala akuthirira msipu ndi madzi a suweji kwa zaka zambiri, ndipo akatswiri a ku University of Zimbabwe anafalitsa kale m'zaka za m'ma 2000 kafukufuku wosonyeza kuchuluka kwa zitsulo monga cadmium, zinc ndi mtovu m'dothi ndi m'masamba othiriridwa ndi madzi otere. Ndiye poyerekeza pali kale, ndipo kubwerera pamalo omwewo patapita zaka 20 ndi kafukufuku wamphamvu. Koma ndi mutu wodula kuposa yonse imene ndatchula. Sampulo iliyonse imalipiridwa, ndipo makina oyezera zitsulo akawonongeka kapena mankhwala ake akatha, mwaima. Musauvomere musanaone ndi maso anu kuti makinawo akugwira ntchito, ndipo musanadziwe amene alipire.

Kaunjika

Ku msika wa kaunjika wa Mupedzanhamo zovala zimapeza moyo wachiwiri, ndipo funso labwino ndi lakuti mu belo limodzi ndi zingati zimene sizigulidwa, ndipo zimapita kuti: ku mamopu, ku mapilo, ku zigamba za m'magalaja, kapena kumoto. Ena amati kaunjika anapha mafakitale a nsalu ndi msika wa thonje la ku Gokwe, ena amati ndiye akuveka osauka. Koma boma linaletsa kuitanitsa zovala zimenezi mu 2015, ndipo ogulitsa ambiri sakonda kufunsidwa kumene mabelo adutsira. Mudzalemba za mchira wa nkhani, mutu wake wosauona. Ndingaulole kwa amene amayi ake kapena azakhali ake ali ndi tebulo kumeneko.

Musanayambe

Mutu uliwonse wokhudza anthu umafuna chilolezo cha komiti ya pasukulu, ndipo ngati ukukhudza thanzi lawo, monga kuyeza magazi a osungunula mtovu, mpaka ku Medical Research Council of Zimbabwe. Pamisika tengani kalata ya khonsolo, koma dziwani kuti kalatayo payokha sikutsegulirani njira. Misika ya ku Mbare ili ndi makomiti ake ndi akuluakulu ake, ndipo muyenera kuyamba mwaonana nawo musanatulutse foni kuti mujambule. Mitengo muzilemba m'madola a ku America pamodzi ndi tsiku lake, chifukwa ndalama ya dziko inasintha mu April 2024 pamene inabwera ZiG, ndipo wowerenga wa m'tsogolo sadzamva manambala opanda tsiku. Zinyalala zimasinthanso ndi nyengo: za nthawi ya mango ndi chimanga chachiwisi sizifanana ndi za mu July, choncho yezani kawiri.

Otola zinyalala ndi okonza zinthu amene mudzacheze nawo amadya za tsiku lomwelo, ndipo ola limene akuyankha mafunso anu ndi ola limene thumba silikudzaza. Kambiranani ndi aphunzitsi anu mmene mungawabwezere nthawi yawoyo mosaphwanya malamulo a komiti, ndipo ndalamayo ilowe mu bajeti kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi magolovesi olimba, majombo ndi katemera wa kafumbata.